Makina Owerenga Malembo ndi Zolembedwa za ku Mbombwe

Kafukufuku amene tikufuna kumusanthula m'nkhani ino si wa akatswiri a zinenero. Eni ake ndi akatswiri a masamu ndi a makompyuta, ndipo mitu imene amalembapo, monga kukonza zithunzi ndi kompyuta, kuzindikira maonekedwe a zinthu, ndi kumvana kwa munthu ndi makina, siimveka kawirikawiri m'dipatimenti ya zinenero. Komabe nthambi imodzi ya kafukufukuyu yafika pakhomo pathu, ndipo sitingaitsekere kunja. Iyi ndi nthambi yophunzitsa makina kuwerenga malembo a pa pepala, imene eni ake amaitchula mwachidule kuti OCR. Tsamba la buku likajambulidwa, kompyuta imangoona timadontho takuda ndi toyera; ntchito ya OCR ndiyo kusandutsa timadonthoto kukhala mawu amene munthu angathe kuwafunafuna, kuwawerengetsera ndi kuwasanja. Aliyense amene adayesapo kusonkhanitsa nkhokwe ya mawu a Chichewa akudziwa kuti chuma chambiri cha chinenero chathu chikadali pa pepala, ndipo kuti kuchilembanso chonse ndi manja ndi ntchito yoti singathe m'moyo wa munthu mmodzi. Motero makinawa tikuwafuna. Chimene tikukayika nacho ndi muyeso umene ofufuza amaweruzira nawo kuti makina awerenga bwino, ndiponso mankhwala amene amapereka makinawo akalakwa.

Kuti tisalankhule za m'malere, titenge malo amodzi akhale choyesera chathu. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndi kumene John Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900 atabwerako ku sukulu ku Lynchburg, ku Virginia. Nkhondo yake idayamba pa 23 Januwale 1915. Iye adaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake cha njerwa chidagwetsedwa, ndipo mishoniyo idakhala yotseka mpaka pamene Dr Daniel Sharpe Malekebu adaitsegulanso mu 1926. Mbiri imeneyi ndi yodziwika. Chimene chikutikhudza ife ndi mapepala amene dera lotere lidabala. Pali makalata a Chilembwe a m'Chingerezi. Pali umboni umene komiti yofufuza za nkhondoyo idalandira mu 1915, umene John McCracken adausindikiza mu 2015 m'buku la Voices from the Chilembwe Rising. Pali mabuku a nyimbo ndi a sukulu a m'Chinyanja ochokera ku makina osindikizira a mishoni ya ku Blantyre. Ndiponso pali mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a milandu amene mipingo ndi mabwalo a mafumu a m'deralo akhala akulemba ndi manja. Alembi ake sadaphunzire pa sukulu imodzi. Ena adaphunzira kwa amishoni a ku Scotland ku Blantyre, ena kwa Abaptisti akuda a ku America monga Landon Cheek ndi Emma DeLany amene adagwirapo ntchito ku Mbombwe, ndipo ena kwa ansembe a chipani cha Montfort ku Nguludi, pafupi pomwepo. Anthu amene maina awo ali m'mabukumo ndi Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Makina amene angawerenge mulu umenewu mokhulupirika sadzavutika ndi zolembedwa zina za m'dziko muno.

Tiyambe ndi chimene chimachitikira chithunzi chisanawerengedwe nkomwe. Njira yakale, imene ikadali maziko a mapulogalamu ambiri, ndiyo kuika dontho lililonse la pa tsamba m'gulu limodzi mwa awiri, inki kapena pepala. Mu 1979 Nobuyuki Otsu wa ku Japan adalongosola njira yopezera malire a magulu awiriwa powerengetsera mmene kuwala kwagawikira pa tsamba lonse. Njirayi ndi yokoma pa masamu, ndipo imagwira bwino pa pepala loyera losindikizidwa dzulo. Koma pepala limene lagona zaka 90 m'kabati ku Chiradzulu lamva chinyezi cha dzinja, lafiira, chiswe chalawako, ndipo inki ya kuseri yatulukira kuno. Pa tsamba lotere okonza zithunzi amawonjeza gawo lachiwiri, lochotsa litsiro: kadontho kalikonse kochepera muyeso wina, kosalumikizana ndi lembo, kamafufutidwa. Wofufuza wozolowera Chingerezi sataya zambiri pamenepa, pakuti kadontho ka pa i kakasowa mawu amadziwikabe. M'Chichewa tizizindikiro tating'onoti nthawi zina ndi timene timasiyanitsa mawu:

(1) ng'oma, yoimba pa gule; ngoma, nyama ya m'tchire
(2) m'bale, munthu wa pa chibale, mbale, yodyeramo

Nkhodolero ya mu (1) si chokongoletsa. Ndi mbali ya lembo, pakuti ng' ndi liwu limodzi la m'mphuno lopanda g womveka, pamene ng ndi mawu ena. Mu (2) nkhodolero ikusonyeza kuti m ndi phatikizo palokha. Pulogalamu imene yafufuta kadontho kameneka poyesa kuti ndi ndowe ya ntchentche yasandutsa m'bale wa womwalira kukhala chiwiya cha m'khitchini, ndipo palibe chizindikiro chimene yasiya chakuti pachitika kanthu, chifukwa mawu onse awiri ndi Chichewa chenicheni.

Kachipewa ka pa ŵ kali pa ngozi yomweyo, ndipo mwina yoposa. Mataipi ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu adalibe lembo limeneli, kotero kuti wolemba amene adalifuna adali kuika kachipewako ndi cholembera atatha kutaipa, kachipewa ka tsamba lino kosafanana ndi ka tsamba linalo. Buku Loyera la mu 1998 limalilemba mosaphonya, nyuzi zambiri zidalisiya, ndipo nafenso m'nkhani ino talisiya. Chodabwitsa ndi chakuti m'makompyuta lemboli lili ndi malo ake okhazikika chifukwa Chiwelishi cha ku Britain chimalilembanso, ngakhale pa liwu lina. Tidalipeza pa msana pa anzathu.

Gawo lotsatira ndi limene akatswiri a zinenero ayenera kulimvetsa bwino. Makina a OCR sawerenga ndi maso okha. Amawerenganso ndi chiyembekezo, monga momwe munthu achitira. Chitsanzo ndi Tesseract, pulogalamu imene idapangidwa ku kampani ya Hewlett-Packard pakati pa 1985 ndi 1994, nkuperekedwa kwaulere mu 2005, ndipo ofufuza ambiri osowa ndalama amayambira pamenepo. Kuyambira mu 2018 pulogalamuyi imawerenga mzere wonse nthawi imodzi, ndipo pa lembo lililonse losaoneka bwino imatsamira ku chimene idazolowera kuona pa malo otero m'chinenero chimene idaphunzitsidwa. Zinenero zimene idatuluka nazo ndi zoposa 100. Chiswahili chilipo, Chichewa palibe. Tsono wofufuza wa ku Malawi amasankha pakati pa Chingerezi, Chiswahili, ndi chitsanzo chophatikiza zinenero zonse za malembo a Chilatini. Chiswahili chimaoneka ngati m'bale wapafupi, pakuti chili ndi ng' ndi ch, ndipo maphatikizo ake amathera m'malembo a liwu. Koma Chiswahili sichilemba mpweya wotsatira p, t ndi k monga tichitira ife. Makina ozolowera Chiswahili alibe chifukwa choyembekezera ph kumayambiriro kwa mawu, ndipo h akafufutika pang'ono, chizolowezi chidzawakokera kwina:

(3) phala, chakudya. Pala, ndi mpeni kapena khasu
(4) khola, la ziweto. Kola, monga msampha uchitira

Apa ndi pamene tifika pa muyeso. Pafupifupi kafukufuku aliyense wa OCR amalengeza zotsatira zake ndi nambala imodzi, yosonyeza kuti pa malembo 100 alionse, ndi angati amene makina alakwa. Nambalayi imachokera ku masamu amene Vladimir Levenshtein adalongosola mu 1965: timawerenga kuti ndi kangati pamene tiyenera kuchotsa lembo, kuwonjeza lembo kapena kusintha lembo kuti chimene makina alemba chifanane ndi choonadi, ndipo kukonza kulikonse kumawerengedwa kamodzi. Levenshtein adali kulingalira za mauthenga a manambala otumizidwa pa waya, pamene chizindikiro chilichonse ndi chofanana kulemera ndi chinzake. Chinenero sichili chotero. Tiyerekeze tsamba la malembo 2,000 limene makina alikhoza 98 pa 100; wofufuza adzalemba kuti zayenda bwino. Zolakwa zake ndi 40. Ngati zolakwazo ndi za mtundu wa kulemba nyurnba m'malo mwa nyumba, palibe chatayika, pakuti mwana wa Sitandade 4 adzaziona ndi kuzikonza. Ngati zagwera pa nkhodolero, pa h ndi pa maina a anthu, tsambalo lasanduka bodza looneka ngati choonadi. Muyeso umapereka nambala yomweyo pa masamba onse awiri. Cholakwa chimene chimabala mawu osakhalako ndi chopepuka, ndipo chimene chimabala mawu ena enieni ndi cholemera. Kafukufuku amene sasiyanitsa ziwirizi sanatiuze chimene tifunikira kudziwa tisanakhulupirire makinawo.

Pali vuto lozama kuposa limeneli, ndipo lagona pa mawu akuti choonadi. Muyeso wa Levenshtein umafuna kuti pakhale kalembedwe kamodzi kolondola koti tiyerekeze nako. Chinenero chathu chakhala ndi makalembedwe angapo, ndipo mapepala a dera ngati la Mbombwe adawalandira onse. Mu dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya mu 1892, mpweya uja sudalembedwe m'mawu ambiri, kotero kuti munthu ndi nthawi zidali muntu ndi ntawi. Buku Lopatulika la mu 1922, limene mipingo yambiri idaliwerenga kwa zaka zochuluka, lidalemba c pamene ife tilemba ch, lidalemba nchito pamene tilemba ntchito, ndipo lidasunga bv ndi pf m'mawu monga zobvala ndi pfuko. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 utagamula kuti chinenerochi chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha fuko, bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, nkutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, amene adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ku Zambia unduna wa maphunziro udavomereza kalembedwe kake mu 1977, kosunga c. Ku Mozambique msonkhano wa mu 1988 wa ku yunivesite ya Eduardo Mondlane udayamba ntchito yomweyo pa zinenero za kumeneko. Tsono mlembi wa mpingo akalemba cifukwa mu 1935, ndipo makina nkutulutsa chifukwa, kodi makinawo alakwa kapena akhoza? Kwa mwana wa sukulu akhoza. Kwa ife alakwa, ndipo alakwa m'njira yovuta kuizindikira, chifukwa chotulukacho chimawerengeka bwino kuposa choyambacho.

Wina anganene kuti c ndi ch ndi nkhani ya zizindikiro chabe, liwu ndi lomwelo. Pa c tivomera. Pa bv ndi pf sitingavomere. Amene adalemba zobvala adali kulemba chimene adali kumva, liwu loyamba ndi kutseka milomo, limene m'madera ena likumvekabe ndipo m'madera ena lidafewa nkukhala v. Funso lakuti kufewaku kudayambira kuti, kudafika liti m'mapiri a Shire, ndiponso ngati Ayao ndi Alomwe amene adaphunzira Chinyanja atakula adafulumiza kusinthaku, silingayankhidwe ndi matepi, pakuti olankhulawo adapita kale. Umboni wotsala ndi kalembedwe ka anthu wamba, makamaka pamene dzanja lidaterereka: mlembi wolemba bv pa mzere uno ndi v pa mzere winawo akutiuza kuti m'kamwa mwake zinthu zidali kusintha. Chimodzimodzi ndi kusinthana kwa -na- ndi -da- m'aneni a nthawi yakale, ndi kulumikiza kapena kulekanitsa ku, pa ndi mu ku maina. Zimene mphunzitsi amazidula ndi inki yofiira ndi zimene wofufuza mbiri ya chinenero amazifuna. Makina ophunzitsidwa Chichewa cha lero adzazisalaza zonse mwakachetechete.

Sitikunena kuti ofufuza onse ndi osasamala. Mu 2020 Shruti Rijhwani, Antonios Anastasopoulos ndi Graham Neubig adasindikiza kafukufuku wa kukonza zolakwa za OCR m'zinenero zitatu zimene zili pa ngozi ya kutha: Ainu cha ku Japan, Griko cha kumwera kwa Italy ndi Yakkha cha ku Nepal. Njira yawo idali yakuti anthu alembe ndi manja masamba ochepa a buku lomwelo monga momwe alili, ndipo pulogalamu yachiwiri iphunzire pa masamba amenewo mtundu wa zolakwa zimene makina oyamba amachita. Ntchitoyi tikuiyamikira, chifukwa choonadi chake ndi tsamba lenilenilo, osati lamulo la kunja kwa tsamba. Koma tione chimene chidawakakamiza kutero. Zinenero zitatuzo zilibe nyuzi za tsiku ndi tsiku kapena mulu wa nkhani pa intaneti. Njira yachidule padalibe. Chichewa chili pakati. Ndi chosauka poyerekeza ndi Chingerezi, koma chili ndi zolembedwa za lero zokwanira kukopa wofufuza wofulumira. Google Translate idachilandira mu Disembala 2014, ndipo chili m'gulu la zinenero 200 za pulogalamu yomasulira imene kampani ya Meta idatulutsa mu 2022. Wophunzira amene ali ndi chaka chimodzi choti amalize digiri adzaona kuti nkwapafupi kudyetsa makina nkhani za m'nyuzi za masiku ano kusiyana ndi kulemba ndi manja masamba a mu 1930. Makinawo adzatulutsa Chichewa chosalala, oyesa mayeso adzakondwa, ndipo zobvala zonse zidzakhala zovala.

Maina ndi amene adzavulala kwambiri. Lamulo la kalembedwe limati r amatsatira e ndi i, ndipo l amakhala pena ponse. Chiradzulu amalitsata. Chilembwe salitsata, ndipo Duncan Njilima, mmodzi wa anthu amene adanyongedwa nkhondoyo itatha, salitsatanso. Munthu amadziwa kuti dzina la mwini sililamulidwa ndi buku la malamulo. Makina amene aona -ire- kambirimbiri ndi -ile- kochepa ali ndi chifukwa cha masamu cholembera Chirembwe pamene lembolo lafufutika. Maina a malo ali ndi vuto lotembenuka: mapepala a nthawi ya Chilembwe amati Mlanje, Cholo ndi Ncheu, pamene wofufuza wa lero adzafunafuna Mulanje, Thyolo ndi Ntcheu. Apa ndiye pamene wotsutsana nafe ali ndi mfundo yeniyeni. Mdzukulu amene akufuna dzina la agogo ake m'buku la ubatizo adzalilemba monga alilembera lero, ndipo ngati nkhokwe yasunga kalembedwe kakale kokha sadzapeza kanthu. Yankho lake silovuta kulinena: tsamba lililonse likhale ndi zolembedwa ziwiri zolumikizana mawu ndi mawu, china chotsata inki monga ilili, china chotsata kalembedwe ka lero, ndipo chachiwiricho chichokere ku choyamba, osati choyamba kutayidwa chachiwiri chikapezeka. Osindikiza zolembedwa zakale za ku Ulaya akhala akuchita chotero kuyambira kale. Chimene chikusowa ndi chakuti muyeso wa OCR uyesedwe pa choyambacho, ndipo wofufuza anene poyera kuti wayesa pa chiti.

Za malembo a pamanja tinene mwachidule. Nkhokwe yotchuka kwambiri pa kafukufuku wa kuzindikira maonekedwe, yotchedwa MNIST, ya mu 1998, ili ndi zithunzi 70,000 za manambala olembedwa ndi ogwira ntchito ku ofesi ya kalembera ya ku America ndi ana a sukulu za sekondale za kumeneko. Pa nkhokwe imeneyi makina adafika kalekale pongolakwa mwa apo ndi apo. Koma wansembe wophunzira ku France amalemba 1 wa kamchira kotalika kutsogolo ndi 7 wodulidwa pakati, ndipo katekisiti amene adamuphunzitsa kulemba amatengera dzanja lomwelo. Kwa makina a dzanja la ku America, 1 wotere ndi 7. M'buku la ubatizo zimenezi zikutanthauza kuti mwana wobatizidwa pa 11 wabatizidwa pa 17, kapena pa 77.

Nthambi yachitatu ya kafukufukuyu, ya kumvana kwa munthu ndi makina, ndi imene ikadatithandiza kwambiri, koma olemba za OCR ambiri amaitchula m'ndime yotsiriza, ngati aitchula nkomwe. Pamapeto pa zonse pamakhala munthu woyang'ana chithunzi ndi kuvomereza kapena kukana chimene makina alemba. M'dziko muno tili ndi chitsanzo chabwino cha mmene ntchito yotere iyenera kuyambira. Mu 2001 Gerald Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab adaika makompyuta ogwira pa galasi ndi chala m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ndipo adawapanga poganizira kalaliki ndi namwino amene sadagwirepo kompyuta, amene ali ndi mzere wa odwala pakhomo. Adayambira pa munthu wogwira ntchitoyo. Nanga wokonza masamba a ku Mbombwe ndani? Amene angazindikire dzina la Chilomwe lolembedwa mwa Chinyanja ndi dzanja la mu 1930 si wophunzira wa makompyuta ayi, koma mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi wopuma wa m'dera lomwelo, wovala magalasi, wotaipa ndi chala chimodzi. Iye afunika chithunzi cha mzere chokulitsidwa pamwamba pa mawu, batani la ŵ ndi la ng' poonekera, ndi pulogalamu yosadula mzere wofiira pansi pa cifukwa, pakuti munthu waulemu akaona mzere wofiira amakonza, ndipo pokonzapo amawononga chimene tidamuitanira. Zipangizo monga Transkribus, chimene chidayambira ku yunivesite ya Innsbruck, zidasonyeza kale kuti anthu wamba angathe kuphunzitsa makina dzanja la mlembi mmodzi polemba masamba angapo mzere ndi mzere. Luso lilipo. Chimene palibe ndi lamulo la Chichewa louza wolembayo chochita.

Lamulo limeneli akatswiri a makompyuta sangatilembere, ndipo sitiyenera kuwadzudzula chifukwa cha zimenezo. Kuyambira mu 1996 udindo wa kalembedwe uli m'manja mwa Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board, ndipo mapepala ambiri akale ali ku National Archives ku Zomba, kumene aliyense akudziwa chimene moto wa mu 1919 udachita ku zolembedwa za boma. Malamulo amene tili nawo amauza munthu mmene angalembere Chichewa chatsopano. Sanenapo kanthu za mmene angakoperere Chinyanja chakale. Tikufuna tsamba limodzi kapena awiri onena kuti wokopera asasinthe c, bv, pf, l kapena r. Asalumikize mawu amene mlembi adawalekanitsa. Asawonjeze h pamene padalibe. Pamodzi ndi tsambalo pakhale masamba oyesera, mwina 200, osankhidwa dala kuchokera m'makalembedwe onse, osindikizidwa, otaipidwa ndi a pamanja, okopedwa ndi anthu awiri aliyense payekha, kuti wofufuza aliyense wodzanena kuti makina ake amawerenga Chichewa ayesedwe pa masamba amenewo, zolakwa zobala mawu enieni ziwerengedwe padera, ndi za maina padera.

Mfundo imodzi ya m'lamulolo idzavuta, ndipo tiitchule tsopano. Pamwamba pa w wina padzakhala kadontho kofufutika koti ngakhale mkulu wa ku Mbombwe, atakulitsa chithunzi kanayi, sadzatha kunena ngati ndi kachipewa kapena banga la chinyezi. Muyeso wa Levenshtein sulola yankho lakuti sizikudziwika. Umafuna lembo limodzi pa malo amodzi. Wokopera ayenera kupatsidwa chizindikiro cha kukayika, ndipo malo otero achotsedwe pa chiwerengero cha zolakwa m'malo mokakamiza munthu kusankha kuti masamu ayende.